Amayi akukana kudya, achimwene akuti ndikuwapha ndi njala

Mzime_wa_amayi
Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga, lero nanenso ndigawireniko nzeru. Ndikudwazika amayi anga kunyumba. Ali ndi zaka 83, ndipo khansa imene anawapeza nayo m'matumbo inafalikira mpaka kuchiwindi. Madokotala anatiuza poyera kuti za opaleshoni kapena mankhwala ochiza zatha, chatsala n'kuwasamala kuti asamve ululu. Zimenezo ndinazilandira, ngakhale movutika.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi chakudya. Masabata apitawa ankadyako pang'ono, koma tsopano supuni ziwiri basi, yachitatu atseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Ndikakakamiza amatsokomola mpaka misozi. Achimwene anga aakulu amakhala kutali, amaimba foni madzulo alionse ndipo funso lawo ndi limodzi: "Adya?" Ndikati ayi, amati ndikuwalekerera, ndiwatengere kuchipatala akawaike diripi ndi kachubu kodyera. Dzulo anafika ponena kuti amayi sakufa ndi khansa koma ndi njala, ndiponso kuti morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu amene ndikuwamwetsawo, ndi amene akuwagonetsa. Amayi eni akewo ananena ali bwinobwino kuti kuchipatala sakufunanso kukagonako. Nanga ine nditani? Ndiziwakakamiza? Kodi n'zoona kuti ndikuwapha?

Nachisale77
Pepani achemwali. Simukuwapha ayi. Mawu amenewo musawalole kukhazikika mumtima.

Bambo_a_Tadala
Ine ndinena mosapsatira ngakhale ena akwiye. Munthu sakhala ndi moyo popanda kudya. Achimwene anuwo alankhula mwaukali koma mfundo ali nayo. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Atengereni kuchipatala, achipatalawo ndiwo anene kuti zakanika, osati inu panokha m'chipinda.

Nachisale77
A Bambo a Tadala, mwawerenga bwinobwino? Achipatalawo ananena kale.

Bambo_a_Tadala
Ananena za khansa. Sananene kuti munthu asiye kudya.

Namwino_wopuma
A Mzime, ine ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, mbali yaikulu ndi odwala amene ayandikira kumapeto, ndiye mundilole ndilankhule motalikirapo.

Musanagamule kuti ndi matendawo basi, pali tizinthu tina timene timaletsa munthu kudya koma timachizika. Tengani tochi muwaunike m'kamwa. Mukaona zoyerayera zokakamira pa lilime kapena m'masaya, kapena tizilonda, dziwani kuti kumeza kukuwawa, ndipo mankhwala ake alipo, monga nystatin. Funso lina: anachita chimbudzi liti komaliza? Morphine amadzimbitsa pafupifupi aliyense amene akumwa, ndipo munthu wodzimbidwa safuna kuona mbale, amangochita nseru. N'chifukwa chake amayenera kuyendera limodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba. Nseru nayonso ili ndi mankhwala ake. Koma popeza khansa yawo ili m'matumbo, ngati akusanza, mimba yatupa ndipo sakutulutsa ngakhale mpweya, imbirani achipatala tsiku lomwelo musanawapatse chilichonse chotsegula m'mimba, chifukwa mwina matumbo atsekeka.

Zonsezi zikapezeka kuti zili bwino koma iwo akukanabe, ndiye kuti thupi lenilenilo lasiya kufuna. Khansa ikafika patali imasokoneza mmene thupi limagwiritsira ntchito chakudya. Minofu imatha ngakhale munthu adye bwanji, ndipo njala imachoka. Amayi anu sakumva njala imene inu ndi ine tingamve titaswera osadya. Matenda ndi amene awasiyitsa kudya, osati kuti kusadyako ndi kumene kwawafikitsa pamenepa.

Kukakamiza kuli ndi ngozi yake. Kutsokomola mukunenako ndi chizindikiro chakuti kumeza kwafooka ndipo chakudya chikusocherera kunjira ya mpweya. Chikafika m'mapapo chimayambitsa chibayo, ndiye munthu amavutika kawiri. Muziwapatsa ndithu, koma iwo ndiwo azinena pothera. Akhale tsonga, ali maso bwinobwino, kasupuni kakang'ono, zofewa zimene iwo akuzilakalaka ngakhale zikhale zimene poyamba ankaletsedwa, ndipo akatha akhalebe tsonga kwa mphindi 30. Akatseka pakamwa, yankho lawo mwalimva. Munthu amene akusinza musamuike kanthu m'kamwa, ngakhale madzi.

Bambo_a_Tadala
Zikomo anamwino. Koma nanga diripi? Ngati pakamwa pakanika, si pamene pamafunika diripi pamenepo?

Namwino_wopuma
Anthu ambiri amaiona diripi ngati chakudya. M'botolo lija nthawi zambiri mumakhala madzi, mchere kapena shuga pang'ono, basi. Kwa munthu amene watsegula m'mimba kapena wachita ngozi imapulumutsa moyo, chifukwa mtima ndi impso zake zikugwira ntchito. Kwa amene thupi lafooka chonchi madziwo amasowa kolowera. Miyendo imatupa, mimba imadzaza, ena amakhala m'mapapo munthu n'kuyamba kubanika. Sindikuti siiperekedwa n'komwe. Pali nthawi imene dokotala amaona kuti ingathandize, monga munthu akasokonezeka mutu chifukwa chouma m'thupi pamene akadali ndi masabata patsogolo. Koma imeneyo ndi nkhani yoti dokotala awaone kaye, osati yolamula pafoni. Kachubu ka m'mphuno nakonso sikabweza khansa m'mbuyo, ndipo odwala ambiri amakazula, mapeto ake n'kuwamanga manja. Ndi zimene tikuwafunira amayiwa?

Ludzu limene amamva kwenikweni ndi kuuma kwa m'kamwa. Nyowetsani kansalu koyera kapena thonje, muziwapukuta m'kamwa ndi pa lilime pafupipafupi, milomo muziidzoza mafuta kuti isang'ambike. Zimenezo zimawapumulitsa kwambiri.

Tsabola_wakale
Ine nkhani yanga ili pa achimwenewo. Kulamula pafoni n'kophweka. Tsiku ndi tsiku "adya?", bwanji osafunsako kuti "mlongo wanga wagona?" Auzeni abwere adzagone m'chipindamo usiku umodzi wokha, adzagwire supuni okha, adzaone amayi awo akutsamwa. Kukacha tidzamve ngati adzanenenso za njala. Zimandinyansa kuti m'mabanja ambiri matenda akagwa, mwana wamkazi ndiye amasiya ntchito, ana ake osawaona, msana kuthyoka ndi kunyamula, kenako amene amangotumiza ndalama ndiye amakhala woweruza.

Mkamwini_Joe
Musatiphatikize tonse, mayi. Bambo anga atafa ziwalo mbali imodzi ndinkawasambitsa ndine, kuwameta ndevu, kuwasintha matewera, alongo anga ali kumabanja kwawo.

Tsabola_wakale
Ndiye inu ndinu mmodzi mwa ochepawo. Tikuombereni m'manja?

Mkamwini_Joe
Ayi, m'manja sungani. Ndikungoti nthawi zina mwamuna amaima patali chifukwa sakudziwa pogwira, makamaka wodwala akakhala mayi ake. Amayi ambiri safuna kuti mwana wawo wamwamuna awaone atavula, ndipo ulemu umenewo tiusunge. Koma ntchito ya matenda si kusambitsa kokha. Pali kuchapa zofunda, kukatenga mankhwala, kuchezera usiku kuti mlongo wako agoneko, kunyamula potembenuza. A Mzime, achimwene anu musawauze kuti "thandizani", mawu amenewo alibe pogwira. Auzeni ntchito yeniyeni ndi tsiku lake. Komanso ukali wawowo ine ndikuuona kuti ndi mantha. Munthu ali kutali, mayi ake akupita, chimene angathe kuwerenga ndi supuni basi.

Zitsamba_Original
Achemwali musataye mtima, khansa imachizika!! Ndili ndi mankhwala achilengedwe ochotsa poizoni m'thupi, amabwezeretsa chilakolako cha chakudya m'masiku atatu okha. Ndipezeni ku inbox.

Woyang'anira_gulu
Zitsamba_Original, malonda pagulu pano ndi oletsedwa, makamaka pamutu ngati uno. Mukabwerezanso tikuchotsani.

Nachisale77
Anthu opanda manyazi. Pamene pali misozi iwo akuonapo msika.

Chikayiko
Ine pa morphine pokhapo ndili kumbali ya achimwenewo. Azakhali anga ankalankhula bwinobwino, atangowayambitsa morphine anayamba kugona, sabata isanathe anatisiya. Mpaka lero kwathu amati ndi mankhwala aja.

Mphunzitsi_wa_sayansi
A Chikayiko, pepani za azakhali. Koma taganizirani nthawi imene morphine amayambitsidwa. Mabanja ambiri amakana mpaka ululu utafika posapiririka, munthu atatsala ndi masiku ochepa. Akamwalira, mlandu umagwera botolo limene lafika komaliza, chonsecho matenda anali atagwira kale ntchito yawo miyezi yonse.

Kaperekedwe kake sikongolota. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa ndondomeko yothana ndi ululu wa khansa mu 1986, ya masitepe atatu: kuyamba ndi mankhwala ngati paracetamol, ululu ukapitirira kukwera pa ena ngati codeine, ukakula kufika pa morphine. Mfundo zake zazikulu ndi zakuti mankhwala azimwedwa pakamwa ngati n'kotheka, ndiponso motsatira wotchi, osadikira kuti munthu ayambe wabuula. Morphine wamadzi uja amagwira pafupifupi maola 4, n'chifukwa chake amalembedwa maola 4 alionse. Amayambira pa mlingo wochepa n'kumakweza malinga ndi ululu. Masiku oyambirira munthu amasinza ndithu, koma kwa ambiri zimachepa thupi likazolowera. Ndiye palinso amene anakhala masiku osagona chifukwa cha kuwawa, kuwawako kukaleka amagona tulo tobweza ngongole, abale n'kuyamba kuchita mantha.

Amene analimbikitsa kwambiri zomwetsa motsatira nthawizi ndi Cicely Saunders, yemwe anali namwino kenako n'kudzakhala dokotala, ndipo anatsegula St Christopher's Hospice, malo osamalira odwala amene ali kumapeto kwa moyo, ku London mu 1967. Ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene ali kumapeto si wa m'thupi mokha, umaphatikiza mantha, nkhawa za abale ndi za mzimu. Ku Uganda, Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993 n'kubweretsa morphine wamadzi wotsika mtengo woti anthu azimwera kunyumba, ndipo mu 2004 dzikolo linalola anamwino ophunzitsidwa mwapadera kuti azilemba mankhwalawa. Anavutikira zonsezi chifukwa anthu ankafa akulira mankhwala alipo.

Chikayiko
Mbiri yake ndamva aphunzitsi, koma mtima wanga sunavomerebe.

Namwino_wopuma
Kukayika sikulakwa, bola kukufikitseni kwa amene analemba mankhwalawo. A Mzime, ngati amayi akuvuta kudzutsa, akupuma motalikitsa kwambiri, minofu ikudzidzimuka yokha, kapena akuona zinthu zimene palibe, imbani foni musanapereke mlingo wotsatira. Chiwindi ndi impso zikafooka mankhwala amachedwa kutuluka m'thupi, ndiye mlingo ungafunike kutsitsa kapena kusintha nthawi. Koma musawasiyitse mwadzidzidzi chifukwa choti mwakalipiridwa, ululu udzabwerera ndi mphamvu. Muzilemba m'kope nthawi ndi mlingo uliwonse umene mwapereka. Botololo lizikhala pokiya, kutali ndi ana.

Bambo_a_Tadala
Komabe kwa ine zonsezi zikumveka ngati kugonja. Mukangoti chisamaliro chochepetsa ululu, ndiye kuti mwakweza manja.

Mphunzitsi_wa_sayansi
Kunachitika kafukufuku ku Massachusetts General Hospital ku America, anamusindikiza mu 2010, pa odwala 151 a khansa ya m'mapapo yofalikira. Ena analandira chithandizo cha khansa chokha, ena anawaonjezera chisamaliro chochepetsa ululu kuyambira pachiyambi. A gulu lachiwiriwa ankapeza bwinoko, kukhumudwa kunali kochepa, ndipo ngakhale ochepa mwa iwo ndi amene analandira chithandizo cholemetsa kumapeto, anakhala ndi moyo nthawi yotalikirapo, pakatikati pake miyezi 11.6 poyerekeza ndi 8.9. Ndi khansa ina imeneyo, sindikuti manambalawa ndi a amayi a Mzime. Ndangofuna muone kuti kusamala ululu sikufupikitsa moyo ngati mmene ambiri timaganizira.

Bambo_a_Tadala
Manambala ndi manambala. Akanakhala amayi anu mukanawerenga miyezi?

Mphunzitsi_wa_sayansi
Anali bambo anga. Zonsezi ndinaziwerenga ndili pambali pa bedi lawo.

Mzime_wa_amayi
Zikomo nonse, ndawerenga uthenga uliwonse, ngakhale wa a Bambo a Tadala. Anamwino, ndawaunika m'kamwa, zoyerayera zija zilimo ndithu mpaka kukhosi. Ndaimbira namwino amene amatiyendera, abwera mawa ndi mankhwala ndipo adzaonanso za m'mimba.

Pali china chimene sindinalembe poyamba chifukwa cha manyazi. Ndatopa. Usiku amadzukadzuka, nthawi zina amandiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale, ndikamawasintha zovala amandikankha. Amuna anga ayamba kudandaula kuti nyumba yasanduka wodi, ana homuweki yawo sindikuionanso. Usiku wina ndili chikhalire pambali pa bedi ndinangopezeka ndikupempha Mulungu kuti angowatenga akapume. Kutacha ndinalephera kuwayang'ana kumaso. Ndiye achimwene akamati ndikuwapha, mawuwo amapeza malo.

Gogo_wa_pa_intaneti
Mwananga, pemphero limenelo ambiri amene tinadwazikapo tinalipemphera, kungoti sitinena. Ine ndinadwazika amayi anga, patapita zaka ndinadwazikanso amuna anga. Chimene mtima wako ukufuna ndi chakuti kuvutika kuthe, kwawo ndi kwako komwe. Wodana ndi mayi ake sachezera usiku pambali pa bedi.

Akakuitana dzina la mng'ono wawo usawatsutse. Ingoyankha kuti "ndili pano". Ukayamba kuwakumbutsa kuti uja anamwalira, ukuwaliritsa maliro kachiwiri, ndipo mawa adzafunsanso.

Kadzidzi_wa_usiku
A Mzime, za tulo musazitenge mopepuka. Munthu wosagona amasokoneza mlingo wa mankhwala, amagwetsa wodwala pomunyamula, amakalipa pamene sanafune kukalipa. Ine nditadwazika apongozi anga ndinaona kuti anthu ambiri amanena kuti "mukafuna thandizo mutiuze", ndipo amanena zoona, kungoti ife sitiwauza. Lembani mayina a onse amene ananenapo mawu amenewo, abale, anzanu, a kumpingo, oyandikana nawo nyumba. Aliyense mumupatse chake: uyu adzakhale ndi amayi masana kuti inu mugone, uyu achape, uyu aziona ana. Amene wabwera kudzazonda matenda asangokhala pampando inu n'kumamuphikiranso. Ndipo mukapeza wokugwirirani, tulukani m'chipindamo mukagone kwina, chitseko chotseka, osati kugona khutu lili kubedi.

Tsabola_wakale
Amuna anuwo akumbutseni kuti nawonso ali ndi mayi, ndipo sakucheperachepera.

Mkamwini_Joe
Mwayambanso a Tsabola.

Nachisale77
Ayi a Tsabola, apa musathire mafuta pamoto. Mwamunayo naye wasowa mkazi wake miyezi yonseyi, kudandaula sikuti ndi nkhanza. Achemwali, khalani nawo pansi muwauze zoona, kuti izi sizitenga zaka, ndipo muwapemphe kuti ana akhale m'manja mwawo panthawi ino. Anawo musawabisire kwambiri. Auzeni m'mawu osavuta kuti agogo akudwala matenda amene sachira, azilowa kukawapatsa moni, kuwagwira dzanja ngati akufuna. Mwana amene mwamutsekera kunja amadzipangira yekha nkhani m'mutu, ndipo nthawi zambiri imakhala yoopsa kuposa zenizenizo.

Namwino_wopuma
Kukankha ndi kusokonezeka kwa usikuko mukamuuzenso namwino mawa. Kawirikawiri kumakhala ndi choyambitsa: ululu umene sakutha kuufotokoza, kudzimbidwa, mkodzo wotsekeka m'chikhodzodzo, kapena chiwindi chimene chikulephera kusefa magazi. Zina mwa izi zimakonzeka. Usiku muzisiya kanyali kakuyaka, ndipo musanawagwire muziwauza kaye kuti ndinu ndani ndi chimene mukufuna kuchita. Munthu wosinza akangomva manja akumuvula, amadziteteza.

Popeza tsopano akukhalitsa pabedi, tinene za zilonda. Muziwatembenuza pafupifupi maola 2 alionse, ndipo powasambitsa muziyang'ana m'munsi mwa msana, m'chiuno, zidendene, mapewa ndi makutu. Pakhungu lakuda sipafiira moonekera, pamangoda kuposa pena, pamatentha kapena kulimba. Mukapaona musapatikite, ingoonetsetsani kuti sakugonerapo. Pilo mmodzi pakati pa mawondo, wina pansi pa miyendo kuti zidendene zisagunde matiresi. Zofunda zikhale zouma ndi zosakwinyika. Yalani nsalu yopinda pakati pa bedi, kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu, kuti anthu awiri muzinyamula nsaluyo m'malo mokoka munthu, khungu lawo ndi lopyapyala ndipo msana wanu ndi umodzi. Ngati kutembenuza kumawapweteka, muzikuchita patapita kanthawi atamwa mankhwala. Masiku otsiriza enieniwo mutha kuchepetsa, mtendere wawo ndi umene uli patsogolo.

Loya_wa_mawa
Mwina ndikupatuka pang'ono, koma amayi akadali kulankhula pali zoti muwafunse. Zikalata zawo zili kuti, pali ngongole kapena amene ali nawo ngongole, katundu wawo akufuna ayende bwanji, alipo amene akufuna kuonana naye. Ndipo zakuti sakufuna kubwerera kuchipatala zija, nthawi imene mutu uli bwino muimbire achimwene anu, amayi anene okha achimwenewo akumva, pakhalenso wina wamkulu ngati mboni. Pakadali pano mawuwo ali pakamwa panu pokha, n'chifukwa chake mukusenza mlandu nokha.

Chikayiko
Kufunsa munthu wamoyo za katundu wake? Kumeneko n'kumuthamangitsa. Ine sindingathe.

Gogo_wa_pa_intaneti
Ana inu mumaganiza kuti ife okalamba sitidziwa. Thupi ndi lathu, timamva mmene likuthera. Mumatibisira zimene tikudziwa kale, ifenso timakubisirani kuti musalire, ndiye tonse timakhala m'chipinda chimodzi tikunamizana. Sikuti uyambe ndi katundu ayi. Ungofunsa kuti, "Amayi, pali chimene chikukudetsani nkhawa?" kenako ukhale chete. Akafuna kunena anena, akasintha nkhani uwasiye, udzafunsenso tsiku lina. Amuna anga ndinkaganiza kuti akudandaula za nyumba, pamene iwo chimene chinkawasowetsa tulo ndi mbale wawo amene sankalankhulana naye. Tinamuitana, anabwera.

Loya_wa_mawa
Agogo anena bwino kuposa ine.

Mzime_wa_amayi
Ndiyesa mawa m'mawa, nthawi imeneyo ndi imene amakhala ali bwinoko. Anamwino, funso lina limene ndimaopa kufunsa. Ndidzadziwa bwanji kuti nthawi yayandikira? Achimwene akuti abwera kumapeto kwa mwezi akalandira.

Namwino_wopuma
Tsiku lenileni palibe amene angakuuzeni, ngakhale dokotala. Koma pali kawerengedwe kamene timagwiritsa ntchito: ngati mukuona kusintha mwezi ndi mwezi, mwina kwatsala miyezi. Ngati ndi sabata ndi sabata, masabata. Ngati lero sali ngati dzulo, ndiye kuti ndi masiku. Namwino amene abwere mawayo, amene akuwaona ndi maso, mumufunse funso lomweli mosazungulira.

Kukayandikira, munthu amagona nthawi yambiri ndipo amavuta kudzutsa. Amasiya kumwa, mkodzo umachepa n'kuda. Manja ndi mapazi zimazizira, khungu la m'mawondo ndi kumapazi limachita mawangamawanga. Kapumidwe kamasintha, amapuma mofulumira, kenako n'kuima kwa kanthawi mpaka inu kuganiza kuti zatha, kenako n'kuyambiranso. Ena amamveka phokoso kukhosi ngati mkonono wamadzi, chifukwa malovu sakumezedwanso. Phokosolo limazunza kwambiri omvera kuposa wodwalayo. Agonekeni chammbali, mutu wokwera pang'ono, ndipo alipo mankhwala ochepetsa malovuwo ngati hyoscine. Mufunsiretu mawa kuti akadzalephera kumeza, mankhwala a ululu adzalowa bwanji, kuti zisadzakupezeni pakati pa usiku. Nthawi zina munthu amatsitsimuka mwadzidzidzi tsiku limodzi, kulankhula, kuitanitsa chakudya, abale n'kuyamba kunena kuti wachira. Sangalalani nalo tsikulo, koma musawauze akutali kuti asabwerenso.

Za achimwene anu, ine ndikanati asadikire kumapeto kwa mwezi. Mwina amayi adzakhala alipobe, koma kulankhula kungathe kusanafike kumeneko. Ngati akufuna kuti amayi awo awazindikire n'kuwayankha, abwere tsopano.

Mphunzitsi_wa_sayansi
Ndionjezereko pang'ono. Anamwino akhala akunena kuyambira kale kuti makutu ndi amene amatsalira, ndipo mu 2020 akatswiri a ku University of British Columbia ku Canada anasindikiza zimene anapeza atayeza ubongo wa odwala ochepa amene anali atasiya kuyankha, maola otsiriza a moyo wawo. Ubongo unkasonyezabe kuti ukulandira mawu. Kuti munthuyo akumvetsa zochuluka bwanji, kafukufukuyo sanathe kunena. Koma ndi chifukwa chokwanira choti muzilankhula nawobe, ndiponso choti mikangano ya diripi ndi ndalama izichitikira panja, osati pamutu pawo.

Tsabola_wakale
Ndalama yoyendera ngati palibe akongole. Ya maliro amaipeza bwanji tsiku limodzi?

Mkamwini_Joe
Apa pokha ndagwirizana nanu a Tsabola.

Bambo_a_Tadala
Ndamva zonse, ndipo zokakamiza supuni ndazisiya. Koma ndikanakhala achimwenewo, sindikanakhutira ndi mawu a mlongo wanga kapena a anthu a pa intaneti amene sindikuwadziwa. Ndikanafuna ndimve kwa wachipatala mwini wake, ndimufunse mafunso anga ndekha, za diripi zomwezo.

Namwino_wopuma
Pamenepo mwalondola, ndipo n'zotheka. A Mzime, auzeni achimwene anu lero kuti namwino afika nthawi yakuti, foni ikhale pafupi. Akamaliza kuwaona amayi, tulukani panja muimbe, achimwenewo afunse zonse zimene akufuna, inu mungomvetsera. Musanamulole namwinoyo kupita, mugwirizane zinthu izi n'kuzilemba papepala lomata pakhoma: nambala yoimba usiku zinthu zikasintha, mlingo woonjezera umene mukuloledwa kupereka ululu ukabuka pakati pa nthawi, ndi zizindikiro zimene zingafune kuti muthamangire nawo kuchipatala ngakhale iwo anakana kugonekedwa. Aliyense amene akukugwirirani usiku awerenge pepalalo asanalowe m'chipinda.